Mavolti Asanu: Mbiri ya Magetsi Odutsa pa USB

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kuseri kwa kompyuta sikunkafuna munthu wa mtima wapachala. Chipangizo chilichonse chinali ndi bowo lakelake. Pulinta inkalowa pabowo lalitali la mapini 25, modemu ndi mausi zinkalimbirana bowo la mapini 9, kiyibodi inali ndi lake lozungulira. Ukagula chipangizo chatsopano unkayamba wazimitsa makina, nthawi zina kumasula ndi chivundikiro chomwe, kenako kuyatsanso mtima uli m'mwamba kuti kaya zigwirizana. Pansi pa tebulo ndiye panali unyinji wa maadaputa akuda, olemera, ofunda usana ndi usiku. Sikana inali ndi yake, modemu yake, masipika yawo, ndipo iliyonse inkafuna soketi pakhoma. Kompyuta inkatumizirana uthenga ndi zipangizo zimenezi, koma za magetsi chilichonse chinkaonera chokha.

Kiyibodi yokha ndiyo inali ndi mwayi kuyambira pachiyambi. Kampani ya IBM itatulutsa PC yake mu 1981, m'chingwe cha kiyibodi inaikamo waya wa mavolti 5, ndipo mu 1987 inachitanso chimodzimodzi pa timabowo ta PS/2 ta kiyibodi ndi mausi. Nayo Apple inali ndi njira yake kuyambira mu 1986. Koma mausi yolowa pabowo la mapini 9 inalibe gawo. Bowo limeneli linkatsata dongosolo la RS-232, lomwe linakonzedwa m'zaka za m'ma 1960 kuti makina azitumizirana mauthenga kudzera m'mamodemu, ndipo munalibe waya wopatsira chipangizo magetsi. Opanga mausi anaona kuti mawaya ena a pabowopo, amene ntchito yawo inali kungosonyeza kuti makina ali okonzeka, akhoza kusiyidwa ali ndi moto nthawi zonse. Pulogalamu yoyendetsa mausi inkawasiya choncho, mausi n'kumatapako timagetsi tochepa tokwanira kuti igwire ntchito. Kunali kuba ndithu. Komabe kuba kumeneku kunaulula chimene ogula ankalakalaka: chingwe chimodzi chonyamula uthenga ndi magetsi omwe.

Nanga bwanji mavolti asanu, osati atatu kapena khumi? Gwero lake lili m'zaka za m'ma 1960 momwemo, pamene makampani monga Texas Instruments anayamba kupanga ma chip a mtundu wa TTL. Ma chip amenewa ankagwira ntchito pa mavolti 5, ndipo anafala kwambiri moti pofika nthawi ya PC, m'kompyuta iliyonse munali kale njira ya mavolti 5. Amene anadzakonza USB sanakhale pansi n'kuganizira za mafoni kapena nyali. Anangotenga zimene zinali pafupi. Lero ubongo wa foni umagwira ntchito pa volti imodzi kapena chapompo, batire lake lili pafupi ndi mavolti 4, koma chingwe chilichonse cha USB chimayambabe ndi asanu aja.

Ntchito yokonza USB inayamba mu 1994. Makampani asanu ndi awiri anagwirizana: Compaq, DEC, IBM, Intel, Microsoft, NEC ndi Nortel. Dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Ajay Bhatt, injiniya wa ku Intel wobadwira ku India, ngakhale kuti ntchitoyi inali ya anthu ambiri. Mu 1995 anakhazikitsa bungwe loyang'anira malamulo ake, la USB-IF, ndipo mu Januwale 1996 anatulutsa USB 1.0. Chimene chinali pamtima pawo chinali choti munthu azingolowetsa chipangizo kompyuta ili chiyakire, icho n'kudziwika chokha. Magetsi anali nkhani yachiwiri, ongokwanira kiyibodi, mausi ndi tizipangizo tina tating'ono.

Mukapeza chingwe chakale cha USB chimene chinasiya kugwira ntchito, chiduleni ndi lumo muone. Pansi pa pulasitiki pali timawaya tonyezimira tolukidwa, pansi pake kachikopa konga siliva, ndiye mkati mwenimweni mawaya anayi. Wofiira ndi wa mavolti 5, wakuda ndi wobwererapo magetsi, wobiriwira ndi woyera apotana ndipo ndiwo a uthenga. Kenako suzumirani m'kamwa mwa pulagi yake yafulati ija. Muona timizere tinayi tachitsulo, ndipo tiwiri ta m'mbali n'totalikirapo kuposa tiwiri tapakati. Anachita dala. Ta m'mbalito ndi ta magetsi, choncho polowetsa pulagi magetsi amayamba kufika, uthenga n'kutsatira, ndipo pozula uthenga umayamba kuduka magetsi asanachoke. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, kosakwana ndi m'lifupi mwa njere ya mpunga, koma ndi mbali ya chinsinsi chimene chinathetsa mwambo wozimitsa kompyuta usanalowetse chinthu.

Kuti timvane bwino pa zotsatirazi, tiganizire mpopi umodzi pa ploti ya anthu a lendi. Mavolti ndi mphamvu imene madzi akukankhidwira, ma amp ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipi. Mukalumikiza mipopi inayi kupaipi imodzimodziyo, madzi sawonjezereka ayi. Onse anayi akatsegula nthawi imodzi, aliyense amangoona kudontha, pokhapokha wina ataimika thanki yakeyake pamwamba. Pa USB muyezo wogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi mA, ndipo 1,000 mA ndiyo amp imodzi. Mavolti kuchulukitsa ndi ma amp ndiwo mawati.

Lamulo la 1996 linali lokongola, ndipo ine ndimaliona ngati chinthu chanzeru koposa m'mbiri yonseyi. Linkati chipangizo chikangolowa chisatenge kupitirira 100 mA. Ndi timagetsi timeneti chidzuke, chidziwitse kompyuta kuti chafika. Kompyuta imachipatsa nambala, n'kuchifunsa kuti ndi ndani. Icho chimayankha ndi kakalata kolembedwa kale m'chip yake, konena amene anachipanga, ntchito yake, komanso magetsi amene chimafuna chikamagwira ntchito mwamphamvu. Kompyuta ikawerengera n'kuona kuti alipo okwanira, imachilola kutenga mpaka 500 mA, omwe pa mavolti 5 ndi mawati 2.5. Ikaona kuti sakwana, imachikana, n'kulemba uthenga pasikirini. Panalinso lamulo la tulo: kompyuta ikakhala chete, chipangizo nacho chigone, chizingotenga kadontho kokwanira kuti mausi ikagwedezedwa idzutse makina. Kupempha usanatenge, kunena zoona za njala yako, ndi kukhuta ndi zimene wapatsidwa: dongosolo lonse linatsamira pamenepo.

Apa ndi pamene hub imalowera, kabokosi kaja kamene kamasandutsa bowo limodzi kukhala anayi kapena asanu ndi awiri. Hub sinabwere mochedwa ngati chowonjezera. Inali m'malamulo kuyambira tsiku loyamba, chifukwa okonza USB ankafuna kuti kompyuta imodzi izitha kulumikiza zipangizo mpaka 127, ma hub atalumikizana motsatizana mpaka asanu. Ngakhale mabowo a pakompyuta penipenipo amawerengedwa ngati a hub imene ili mkati. Ndiye anagawa ma hub m'mitundu iwiri. Pali yodalira kompyuta, yopanda adaputa. Imeneyi imalandira 500 mA, n'kusungako 100 mA ya chip yake, ndipo 400 mA yotsalayo imagawidwa 100 mA pabowo lililonse. N'chifukwa chake ma hub opanda adaputa otsata lamulo ankakhala ndi mabowo anayi basi, ndipo bowo lililonse linali loyenera kiyibodi kapena mausi, osati chipangizo chodya magetsi ambiri. Mavolti nawo amatsikako podutsa m'chingwe ndi m'hub, moti lamulo linalola kuti pabowo la hub yotere afike mpaka 4.4. Kulumikiza hub yotere kumbuyo kwa inzake yotere kunali koletsedwa, chifukwa yachiwiriyo ikanalandira 100 mA yokha, yongokwanira iyo mwini. Mtundu wachiwiri ndi hub yokhala ndi adaputa yakeyake yopita kukhoma. Imeneyi imatenga uthenga wokha kukompyuta, magetsi n'kumapereka yokha, 500 mA pabowo lililonse.

Chiyambi chinali chovuta. Kwa zaka ziwiri makompyuta ambiri ankagulitsidwa ali ndi mabowo a USB opanda cholowetsamo. Mu Epulo 1998, pachionetsero cha COMDEX ku Chicago, Chris Capossela wa ku Microsoft analowetsa sikana pofuna kuonetsa luso la Windows 98, Bill Gates ataima pambali pake, ndipo sikirini inangosanduka yabuluu khamu lonse likuona. Koma chaka chomwecho zinthu zinatembenuka. Windows 98 inatuluka, malamulo anakonzedwanso kukhala USB 1.1, ndipo mu Ogasiti Apple inayamba kugulitsa iMac, imene inataya mabowo akale a kiyibodi, mausi ndi pulinta n'kusiya a USB. Kiyibodi ya iMac inali ndi hub mkati, ya mabowo awiri, yodalira kompyuta. Anthu ambiri anakumana ndi masamu a 100 mA pamenepo: mausi inkagwira bwinobwino, koma akalowetsapo chipangizo chanjala, pasikirini pankabwera chenjezo loti magetsi ndi ochepa.

Mu Epulo 2000 kunabwera USB 2.0. Liwiro la uthenga linakwera kuchoka pa 12 kufika pa 480 Mbit pasekondi, koma magetsi anakhala omwe aja. Chaka chomwecho fulashi inaonekera pamsika, ina ya kampani ya Trek ya ku Singapore, ina ya M-Systems ya ku Israel yogulitsidwa ndi IBM, yosunga 8 MB zokha. Kachipangizo kopanda batire, kopanda adaputa, kongodalira waya wofiira uja. Fulashi ndiyo inaphunzitsa dziko kuti bowo la USB ndi soketi.

Phunziro limenelo anthu analimvetsa mopitirira. Opanga zinthu anazindikira kuti makompyuta ambiri sayeza n'komwe magetsi amene akutuluka pabowo lililonse. Waya wofiira anangolumikizidwa kunjira ya mavolti 5 kudzera pa kafyuzi kodzibwerera kokha, nthawi zambiri kamodzi pa mabowo awiri. Bola usafike pothyola fyuziyo, ukhoza kutenga osapempha. Kunabwera timafani, tinyali tokhota khosi, masipika, ngakhale tozitenthetsera kapu ya tiyi. Zambiri mwa izo zinalibe chip, mawaya a uthenga osalumikizidwa n'komwe, moti kompyuta sinkadziwa kuti pabowo pali mlendo. Nawo ma hub otchipa anaphunzira bodza. Hub yopanda adaputa inkauza kompyuta kuti ili ndi magetsi akeake, cholinga choti kompyuta isakane chipangizo chilichonse. Wogula ankasangalala kuti palibe chenjezo, osadziwa kuti chenjezolo ndilo linkamuteteza.

Amene analawa zowawa za bodza limeneli ndi eni ma hard drive aang'ono a m'thumba. Mkati mwake muli mbale yozungulira, ndipo injini yake poyamba kuzungulira imafuna pafupifupi amp imodzi kwa kamphindi, kuwirikiza kawiri zimene lamulo linkalola. Ilowetseni pa hub yopanda adaputa, mutchere khutu pafupi. Mumva kulira kokwera, kenako ke, ke, ke, n'kukhala chete, n'kuyambiranso. Kanyali kake kakuyaka, koma pakompyuta sikuoneka. Mavolti akugwa nthawi iliyonse injini ikayesa kudzuka. Choopsa kwambiri ndi pamene yadzuka ndithu, mwayamba kukopera mafayilo, ndiye wina walowetsa foni pabowo loyandikana nalo: mavolti atsika, hard drive yaduka ntchito ili mkati, ndipo mafayilo aonongeka. Ambiri anataya zithunzi ndi ntchito za kusukulu mwa njira imeneyi n'kumanena kuti ndi vairasi. Opanga ma hard drive anabwera ndi chingwe cha mitu iwiri, wina wa uthenga ndi magetsi, wina wa magetsi okha, kuti chizitapa pamabowo awiri. Bungwe la USB-IF silinachivomereze chingwe chimenechi, koma chinagulitsidwa dziko lonse. Ma hard drive akuluakulu ndiye sanayese n'komwe, chifukwa injini yawo imafuna mavolti 12, ndipo mpaka lero amabwera ndi adaputa.

Chingwe nacho chili ndi mlandu wake. Waya woonda amadya mavolti m'njira, ndipo akatalika amadya ochuluka. Pazingwe zina pamakhala zilembo zing'onozing'ono monga 28AWG kapena 24AWG. Nambala ikakula, waya ndi woonda. Chingwe chabwino chimakhala ndi mawaya oonda a uthenga ndi onenepa a magetsi, pamene chotchipa chimakhala ndi oonda okhaokha, ndipo kunja sizisiyana.

Kuno kwathu ambiri tinazidziwa zimenezi m'nthawi ya ma dongle a intaneti. Dongle ndi foni yopanda sikirini, ndipo mlongoti wa netiweki ukakhala kutali imakuwa mwamphamvu, n'kumakoka magetsi modukizadukiza. Anthu ankaiika pachingwe chachitali n'kuipachika pazenera kuti igwire netiweki bwino, kenako n'kumadabwa kuti ikungoduka. Mlandu unkagwera kampani ya mafoni, chonsecho nthawi zina vuto linali mavolti othera m'chingwe. Ndipo m'dziko limene magetsi amazimazima, ulendo wa mavolti asanuwa umaoneka bwino. Madzi a mu Shire amazunguza makina ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, magetsi n'kufika pasoketi ali mavolti 230. Adaputa ya laputopu imawatsitsa kufika pa 19 kapena 20, ndipo mkati mwa laputopu muli kachipangizo kena kowatsitsanso kufika pa 5. Magetsi akazima, batire la laputopu limatenga udindowo, ndiye mausi, fulashi ndi foni yomwe mwalowetsapo zonse zimadya batire limodzilo. Hub ya adaputa, yomwe ndi yamphamvu magetsi akakhalapo, pamenepo imasanduka yodalira laputopu kapena kungofa.

Mafoni ndiwo anagwetseratu mpanda. Poyamba kampani iliyonse inali ndi tchaja yakeyake, ndipo m'nyumba zambiri munali thumba la matchaja osagwirizana. Panali bowo lina lopikisana ndi USB, la FireWire, lomwe linkapereka magetsi ochuluka kwambiri, moti iPod yoyamba ya mu 2001 inkatchajidwa kudzera pamenepo. Koma USB inali yotchipa ndiponso inali paliponse. Kumapeto kwa 2006 dziko la China linalamula kuti matchaja a mafoni azikhala ndi bowo la USB. Mu 2007 kunabwera pulagi ya Micro-USB, ndipo mu 2009 makampani akuluakulu a mafoni anagwirizana ndi bungwe la European Union kuti aziigwiritsa ntchito. Vuto linali lakuti tchaja ya pakhoma ilibe ubongo wofunsa mafunso. Foni idziwa bwanji kuti ili pakhoma pomwe ingatenge ochuluka, osati pakompyuta? Yankho la malamulo atsopano otchajira, amene anayamba mu 2007 n'kukhwima mu 2010, linali losavuta: m'tchaja ya pakhoma, waya wobiriwira ndi woyera azilumikizidwa pamodzi. Foni ikaona kuti awiriwa agwirana, imadziwa kuti palibe kompyuta, ndipo ikhoza kutenga mpaka 1.5 A. Apple inatsata njira yake yoika mavolti apadera pamawaya awiriwo, ndipo Qualcomm inadzabweretsa Quick Charge, yomwe m'kupita kwa nthawi inayamba kukweza mavolti kupitirira asanu. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri foni imodzimodziyo inkathamanga patchaja ina n'kumakwawa pa ina.

USB 3.0, ya mabowo abuluu mkati, inatuluka mu Novembala 2008. Inakweza gawo loyambira kufika pa 150 mA ndi malire kufika pa 900 mA, omwe ndi mawati 4.5. Ma hard drive a m'thumba anapuma.

Panatsala khalidwe lina loipa la ma hub otchipa, lomwe linaonekera poyera chifukwa cha Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono ka ku Cambridge komwe kanatuluka mu 2012. Mabowo ake oyambirira ankapereka magetsi ochepa, choncho eni ake ambiri anagula ma hub a adaputa. Ena anadabwa kuona kuti akazula tchaja ya kakompyutako, sikakuzima. Magetsi ankachokera mu hub n'kubwerera m'mbuyo, kulowa m'kompyuta kudzera pabowo limene likanayenera kukhala lotulutsira. Lamulo limaletsa zimenezi, ndipo kuziletsa kumangofuna kachipangizo kamtengo wochepa kwambiri, koma opanga ena anangolumikiza mawaya ofiira onse pamodzi kuti asunge kandalama. Magetsi obwerera chonchi amalambalala fyuzi, ndipo adaputa ikakhala yachabechabe zoipa zake zonse zimakathera pabolodi la kompyuta. Pa zolakwa zonse za m'mbiri imeneyi, chimenechi ndicho chimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa wogula alibe njira yochionera ali m'sitolo.

Mu 2012 bungwe la USB-IF linavomereza poyera chimene anthu anali atachita kale, kuti USB ndi njira ya magetsi. Linatulutsa USB Power Delivery, yofika mawati 100. Poyamba sinafale, mpaka pamene pulagi ya USB-C inabwera mu Ogasiti 2014. Anthu anaikonda chifukwa imalowa mbali iliyonse, koma kusintha kwenikweni kuli mkati. Mwa mapini ake 24 muli otchedwa CC, amene ntchito yawo yaikulu ndi kukambirana za magetsi. Bowo la USB-C lopanda cholowetsamo limakhala lozima. Limadikira kuti lione resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya 5.1 kΩ kumbali inayo, chizindikiro choti kwabwera chofuna magetsi, ndipo likaiona m'pamene limatsegula mavolti 5. Nalo limasonyeza mphamvu zake ndi resistor yake: ya 56 kΩ kutanthauza magetsi a masiku onse, ya 22 kΩ kutanthauza 1.5 A, ya 10 kΩ kutanthauza 3 A. Ngati mbali zonse zili ndi ubongo, zokambirana zimapitirira. Tchaja imatchula zonse zimene ingathe, kaya mavolti 5, 9, 15 kapena 20. Chipangizo chimasankha, tchaja imavomera, imakweza mavolti, n'kunena kuti yakonzeka. Zonsezi zimatha munthu asanachotse dzanja papulagi. Kuti padutse 5 A, chingwe nacho chiyenera kukhala ndi chip yodzichitira umboni. Mu 2021 malire anakwezedwanso kufika pa mavolti 48 ndi mawati 240, kuwirikiza pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi mawati 2.5 a mu 1996.

Mwambo wopempha unabwerera, ndipo ulendo uno uli ndi mano, chifukwa wosapempha sapatsidwa. Koma bodza nalo linapeza khomo latsopano. Mu 2015 Benson Leung, injiniya wa ku Google, anayamba kugula zingwe za USB-C pa Amazon n'kumaziyeza chimodzichimodzi. Anapeza kuti zambiri zokhala ndi pulagi yakale mbali ina zinali ndi resistor ya 10 kΩ m'malo mwa ya 56 kΩ. Chingwe chotere chimauza foni kuti pali 3 A, chonsecho kumbali inayo kuli bowo lakale la laputopu kapena hub lomwe silingapirire zimenezo. Kumayambiriro kwa 2016 chingwe china, chomwe waya wofiira ndi wakuda anawasinthanitsa, chinamuonongera laputopu yake pamodzi ndi zida zoyezera. Chaka chomwecho Amazon inaletsa kugulitsa zingwe za USB-C zosatsata malamulo. Ngakhale akatswiri anapunthwa: Raspberry Pi 4 ya mu 2019 inatuluka ndi resistor imodzi pamalo ofunika ziwiri, ndipo inkakana kuyaka ndi zingwe zokhala ndi chip mpaka anaikonza. Lero tizipangizo tambiri totchipa tili ndi bowo la USB-C koma tilibe resistor ya 5.1 kΩ ija. Timatchaja bwino ndi chingwe cha pulagi yakale, chifukwa bowo lakale limakhala ndi moto nthawi zonse, koma ndi chingwe cha C mbali zonse sitiyaka n'komwe. Tchajayo sinafe ayi, ikungodikira pempho limene silikubwera.

Hub nayo inasintha udindo. Mu 2015 Apple inatulutsa MacBook ya bowo limodzi lokha la USB-C, lotchajira ndi lolumikizira zonse, ndipo makampani ena anatsatira pochepetsa mabowo. Hub ya masiku ano imalandira tchaja ya laputopu, n'kuchotsapo mawati ena a iyo mwini ndi zipangizo zake, otsalawo n'kupereka kulaputopu. Magetsi tsopano akuyenda kuchokera ku hub kupita kukompyuta, chinthu chimene kale chinali mlandu, koma pano zikuchitika mbali zonse zitagwirizana. Mukazula tchaja, mbali ziwirizi zimasinthana udindo, laputopu n'kuyamba kudyetsa hub. Pa ma hub ambiri kusinthanaku kumadula magetsi kwa kamphindi, ndipo hard drive imene inali mkati mokopera imaduka. Malamulo atsopano ali ndi njira yosinthana mofulumira, koma si ma hub onse amene ali nayo. Ndiponso tchaja ya mawati 65 ikadutsira pa hub, laputopu silandira 65 yonse, ndipo ena amadabwa kuona batire likutsika chingwe chili chilowetsere.

Mu 2022 European Union inakhazikitsa lamulo loti mafoni ndi tizipangizo tina tating'ono tizitchajidwa ndi USB-C kuyambira pa 28 Disembala 2024, malaputopu kuyambira pa 28 Epulo 2026. Apple inasintha iPhone mu 2023. Lamulo la ku Ulaya limatikhudza, chifukwa mafakitale sakonda kupanga mitundu iwiri ya chinthu chimodzi, ndiponso malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene amafika m'masitolo athu amachokera kumayiko ngati amenewo. Kumidzi kumene mawaya a ESCOM sanafike, bowo limene linakonzedwera mausi ya mu ofesi ku America ndilo soketi ya m'nyumba. Lili pa nyali ya sola, pa pawabanki, pa wailesi, ndi pathabwa la wotchajitsa mafoni pamsika. Okonza USB mu 1994 sankawaganizira anthu amenewa, koma ndiwo amapwetekeka kwambiri ndi chingwe chabodza, chifukwa foni ikapsa palibe ina yobwerera.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, owerenga, kuti tsiku logula hub musayang'ane kuchuluka kwa mabowo kokha. Ngati ndi ya kiyibodi, mausi ndi fulashi, yopanda adaputa ikwana. Ngati mudzalowetsapo hard drive, dongle kapena foni, funani ya adaputa, ndipo adaputayo muitembenuze muwerenge pamene alemba magetsi amene imatulutsa. Hub ya mabowo asanu ndi awiri a USB 2.0 imafunika 3.5 A pa mavolti 5 kuti bowo lililonse lilandire gawo lake lonse, ya mabowo anayi abuluu imafunika 3.6 A. Mukapeza kuti alemba 1 A, ibwezeni kwa wogulitsa mufunse ina.